Wotchi Sikalamba

Munthu amakalamba, ng'ombe imakalamba, ndipo mtengo wa mbawa umene wayamba kuuma nsonga tikhoza kunena kuti wakalamba, pakuti zonsezi zili ndi moyo. Wotchi sikalamba. Bokosi silikalamba, chitini sichikalamba. Komatu mukamvetsera anthu akutsatsana katundu wam'nyumba mu Lilongwe muno, kapena mukawerenga zimene achinyamata amalemba pogulitsa zinthu za makolo awo, mupeza "wotchi yokalamba", "tebulo lokalamba", "mbale zokalamba". Gwero lake ndi lodziwika. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lalifupi limene amatchulira nkhalamba, nsanza ndi mpando wachifumu wa zaka mazana atatu, ndiye mwana amene wazolowera kuganiza m'Chingerezi akafuna kulankhula chakwawo amangotola liwu loyamba limene lamufikira pakamwa. Ena amathawira ku liwu lakuti "zakale" n'kuunjikamo chilichonse, chamtengo ndi chotayidwa chomwe.

Wina anganene kuti bola tamvana. Ayi, sitidamvane. Pa katundu wotere liwu ndilo limagamula mtengo, ndiponso ndilo limagamula ngati chinthu chikagone m'kabati kapena kudzala.

Katundu amene ndikunenayu sasowa mumzinda uno. Yambani ku Falls, ku Area 1, mudutse mumsewu wa Malangalanga ndi kumsika waukulu, muwoloke mlatho wa Lilongwe mpaka pa positi ofesi pamene anyamata a ziboliboli amayala malonda awo, mukwere ku nyumba za ku Area 3. M'njira monsemo muli mawotchi apakhoma, zitini zojambulidwa maluwa ndi nkhope za mafumu a ku Britain, timabokosi tosema, masutikesi achitsulo. Zina zidagulidwa m'masitolo a amwenye, kwa Mandala kapena ku Kandodo. Zina zidabwera ndi ogwira ntchito m'boma pamene likulu linkasamuka ku Zomba kudzakhazikika kuno mu 1975. Zina amazisiya azungu a ku maofesi a akazembe akamagulitsa katundu wawo ku Area 10, ku Area 12 kapena ku Area 43 asanabwerere kwawo. Koma zambiri zimene zili m'nyumba za anthu wamba zidabwera pamutu ndi pamsana pa abambo athu ochokera ku Joni, ku Wankie ndi ku Halale. Munthu wobwera ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, ankafika ndi sutikesi yachitsulo, bulangete, mwina njinga, ndipo wotchi inali umboni wakuti sadapite kukasewera. Ulendo wa ku Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Udayambiranso pang'ono pansi pa bungwe la TEBA, n'kutheratu mu 1988. Choncho wotchi imene agogo anu adabwera nayo ku Wenela isanagwe ndegeyo yadutsa zaka 50 ili m'banja mwanu. Chinthu chotere chiyenera kutchulidwa ndi dzina lolondola.

Liwu lakuti "chakale" ndi labwino, koma limanena zochepa kwambiri. Limangosiyanitsa ndi chatsopano. Foni imene mudasiya chaka chatha ndi yakale, nyumba imene mudasamukamo mwezi wathawu ndi yakale. Silinena ngati chinthucho chili bwino, silinena ngati chili ndi mtengo. Tikafuna kuchikankhira kutali timati "chakalekale". Liwu lakuti "chakutha" ndi lina ndithu, ndipo kusokoneza awiriwa ndiko kumatitayitsa chuma. Kutha ndi nkhani ya mmene chinthu chilili, zaka sizilowapo. Nsapato yogulidwa mu Januwale ikhoza kukhala yakutha pofika Juni, pamene wotchi ya m'ma 1950 ikhoza kukhala yakalekale koma yosatha ngakhale pang'ono. Mwana akauza mayi ake kuti "Amayi, chotsani zakuthazi pabalaza" akuloza wotchi imene ikungofuna mafuta, wanena bodza ngakhale sadafune kunama.

Palinso "chachikale". Kachigawo kakang'ono ka "chi" kameneko kamasintha nkhani yonse, chifukwa kamanena za kapangidwe kapena kachitidwe, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi "chamakono". Nsimbi yamakala imene yasulidwa chaka chino ndi yachikale, koma si yakale. Mpando umene mmisiri wa ku Mchesi wapanga sabata yatha motsanzira mipando ya atsamunda ndi wachikale, ndipo wogulitsa woona mtima anene choncho: "Bwana, mpandowu ndi watsopano, koma wopangidwa mwachikale." Akangochotsa "chi" uja n'kunena kuti ndi wakale, waba.

Liwu limene likuzunzika koposa ndi "chamakedzana". Liwuli ndi lolemera ndipo siliyenera kunyamulidwa mwachisawawa. Makedzana ndi nthawi imene palibe wamoyo adaiona, ndipo ngakhale agogo a agogo athu adangoimva. Zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, zimene UNESCO idaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndi zamakedzana. Mapale, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China zimene Yusuf Juwayeyi ndi anzake adafukula ku Mankhamba, likulu la a Kalonga, ndi zamakedzana. Koma chitini cha mabisiketi chokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, chokumbukira tsiku limene adavekedwa ufumu mu 1953, sichamakedzana. Chaka chimenecho ndi chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, ndipo alipo agogo ku Kawale amene angakuuzeni kumene anali. Wailesi ya Nzeru sichamakedzana, ndalama za mapaundi ndi masheleni zimene tidasiya mu 1971 sizamakedzana. Tikamwaza liwuli pa zitini ndi mawailesi, tsiku lofuna kunena za Chongoni tidzapeza latha mphamvu. Ndiponso dziko lino lili ndi lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana, limene silimalola kutulutsa zinthu zotere kunja popanda chilolezo. Wogulitsa amene akulumbira kwa mlendo kuti chigoba cha nyau chili m'manja mwakecho ndi chamakedzana, akunama kapena akudziulula mlandu.

Amalonda a ku Ulaya ali ndi muyeso wawo: chinthu chikakwanitsa zaka 100 amachiika m'gulu lapadera, ndipo liwu lawo la gululo layamba kumveka kuno monga "antiki". Ine sindidana ndi mawu obwereka. Wotchi, bokosi, tiyi ndi chitini onsewa ndi alendo amene adakhazikika n'kukhala eni mudzi, monganso kalata, nsapato ndi ola amene tidalandira kwa Apwitikizi kalekale. Liwu lobwereka limalandiridwa likapeza malo opanda mwini. Koma "antiki" pakamwa pa ogulitsa athu lasanduka liwu lokwezera mtengo basi, lopanda muyeso wa zaka 100 uja. Ndipo muyesowo ngakhale titautsata, ungatisiyire zochepa, pakuti Lilongwe weniweniyo adayamba ngati boma la atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo adatchedwa tauni mu 1947. Chichewa chili ndi njira yoposa pamenepo. Chinthu chimene makolo adakusiyirani ndi "cholowa". Chimene mlendo wagula pa positi ofesi kuti azikakumbukira Malawi ndi "chikumbutso". Chimene chili chakale, chosowa ndiponso chofunidwa ndi "chakale chamtengo wapatali". Ndipo palibe choposa kungotchula nthawi yake: wotchi ya m'ma 1950, chitini cha nthawi ya chitaganya, sutikesi ya ku Wenela.

Tsopano bokosi. Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa kuti liwuli likaima palokha limanunkha maliro. Nenani pagulu kuti "ndikukagula bokosi la amayi", muona anthu akugwetsa nkhope n'kuyamba kukupepesani. N'chifukwa chake kanthu kosungiramo ndolo, mphete kapena makalata timakatcha kabokosi, ndipo tikachuluka ndi timabokosi. Pano pali zolakwa ziwiri zimene ndimazimva kawirikawiri. Choyamba ndi "tibokosi", kuiwala kuti "ti" amakhala pamwamba pa "ma" wa mabokosi, monga timati timiyala, timadengu, tizitini. Chachiwiri ndi kusiya mgwirizano panjira: "kabokosi langa", "timabokosi zokongola". Mukayamba ndi "ka" mumalize naye, kabokosi kanga kokongola kali apa, ndipo mukayamba ndi "ti" chimodzimodzi, timabokosi tanga tokongola tili apa. Omasulira Baibulo adakumana ndi vuto la bokosi lomweli: Buku Lopatulika la 1922 lidasankha liwu lakuti likasa potchula chosungiramo chipangano cha Aisraeli, pamene Buku Loyera la 1998 lidalandira bokosi.

"Ka" yemweyu ali ndi mano ena, ndipo amalonda amawadziwa. Wogula akafuna kugwetsa mtengo amati, "Achimwene, kawotchi aka mukuti zingati?" Wogulitsa wochenjera amayankha, "Bambo, iyi ndi wotchi, onani kulemera kwakeku." Onse awiri akulankhula Chichewa chabwino, ndipo onse akudziwa kuti "ka" pamenepo sakunena za kuchepa kwa msinkhu. Ana amene amalankhula Chichewa cha kusukulu chokha amaphonya zimenezi, n'kutcha mphatso ya apongozi awo "kabokosi kanu kaja" osadziwa kuti anyoza.

Timabokosi todziwika kwambiri m'misika ya ziboliboli m'dziko muno ndi ta mkungudza wa ku Mulanje, tonunkhira bwino, tosemedwa njovu, mapiri kapena nsomba pachivundikiro. Anyamata ogulitsa amautcha "sida", ndipo ambiri a iwo dzina lakuti mkungudza aliiwala. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera paphiri la Mulanje pokha. Akatswiri a zomera adaupatsa dzina lakuti Widdringtonia whytei polemekeza Alexander Whyte, ndipo mu 1984 udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Thabwa lake chiswe sichilidya, n'chifukwa chake ankalifuna pa madenga, pa zitseko ndi pa mabwato. Kufunidwa komweko ndi kumene kudautha: kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiri lonselo. Apa mawu aja akuti chakale ndi chatsopano salinso nkhani ya m'kalasi. Kabokosi ka mkungudza kamene mayi anu adagula m'ma 1970 ndi cholowa, kasungeni, ndipo fungo lake lidzakhalapobe adzukulu anu akadzakatsegula. Kamene kasemedwa mwezi uno kayenera kutchedwa katsopano, ndipo wogula akangomva liwu limenelo ayenera kufunsa kumene thabwalo lachokera. Wogulitsa akakapaka dothi ndi utsi n'kukatcha kakale, waphimba zinthu ziwiri pakamodzi, msinkhu wa kabokosiko ndi chitsa chimene chatsala kuphiri.

Phingo nayenso ali ndi nkhani yofanana. Mtengo wa phingo ndi wakuda mkati, woyererako kunja, wolemera moti kabokosi kochepa kamakudabwitsa m'manja. Kamtengo wamba kopakidwa polishi wa nsapato ndi kakuda, koma si ka phingo, ndipo "eboni" amene amatchulidwa kwa alendo asatipangitse kuiwala maina a phingo, mlombwa, mbawa ndi mkungudza. Amisiri athu osema ali ndi luso lalikulu, ndipo ambiri mukawafunsa m'Chichewa amakuuzani mtengo weniweni umene asema. Ntchito yawo ikatchulidwa ndi dzina lake loona sichepa mtengo.

Za tiyi, tiyambe ndi mgwirizano, pakuti apa ndi pamene ana a m'tauni amapunthwa. Tiyi ndi wotentha, tiyi wanga wazizira, tiyi wa Chombe, tiyi wa ku Thyolo. "Tiyi yanga" si Chichewa cha kuno. Chachiwiri, m'nyumba zathu timasiyanitsa chakumwacho ndi zophikira zake. Chili m'kapu ndi tiyi, zili m'paketi ndi masamba. Mayi amatuma mwana kuti, "Thamanga kuokala ukagule masamba ndi shuga", ndipo mwanayo sabwera ndi chisoso kapena mpiru, chifukwa shuga uja wamuuza masamba ake. Kumene kungakhale chisokonezo timati masamba a tiyi.

Angerezi ali ndi kabokosi kapadera ka masamba amenewa, ndipo anthu ena kwawoko amasonkhanitsa timabokosi totere moyo wawo wonse. Dzina lake m'chinenero chawo adalibwereka kwa Amalay, ku liwu lakuti kati, muyeso wa pafupifupi magalamu 600 umene ankagulitsira tiyi. M'zaka za m'ma 1700 tiyi ku Britain anali wodula kwambiri, msonkho wake udafika pa 119 peresenti mpaka boma la William Pitt lidautsitsa kufika pa 12.5 peresenti mu 1784. N'chifukwa chake timabokosi tawo tambiri ta nthawi imeneyo tili ndi loko, ndipo kiyi ankasunga ndi mayi wa pakhomo. Kwathu kuno mbewu ya tiyi idafika ku mishoni ya Blantyre kuchokera ku Edinburgh, ndipo mu 1891 Henry Brown adayamba kuidzala ku Mulanje. Minda idafalikira ku Thyolo, kumene Satemwa idatsegulidwa mu 1923, kenako ku Nkhata Bay. Komabe anthu amene ankathyola masambawo, pamodzi ndi abale awo kumidzi, tiyi wamkaka ndi buledi ankamuona pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. Amayi athu ankasunga masamba ndi shuga m'chitini cha mabisiketi kapena cha mkaka waufa, n'kuchitsekera m'kabati, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje. Chitini chimenecho ndicho chathu, ndipo chili ndi mbiri yoyenera kusungidwa monga timabokosi ta ku Britain tija.

Nanga tichitche chiyani? "Bokosi la tiyi" n'kulakwa, chifukwa kwa munthu wa ku Mulanje limenelo ndi chibokosi chachikulu cha matabwa opyapyala chimene mafakitale ankalongedzeramo tiyi wopita kunja. "Chitini chosunga tiyi" nakonso n'kulakwa, ngakhale kwafala. Chitini sichisunga kanthu, amasunga ndi munthu, ndipo chitinicho ndi malo amene akusungiramo. Chichewa chili ndi kamchira kake ka ntchito imeneyi: chitini chosungiramo masamba, kabokosi koikamo ndolo, mtsuko wotungira madzi, chipinda chogonamo alendo. Kamchira kameneka kakugwa m'zolemba zambiri za masiku ano, ndipo kakagwa, chiganizo chimapatsa chitini ntchito ya mwini wake. Mwachidule, pakhomo timangoti chitini cha masamba, ndipo aliyense amamva.

Zitini zisanabwere tinali ndi zosungiramo zathu, ndipo maina ake akuzimirira msanga kuposa zinthuzo. Agogo onunkha fodya anali ndi nthekwe, kachipanda kochepetsetsa, kanyanga kapena kachibade ka chipatso kotsekedwa ndi kamtengo, nthawi zina kokulungidwa mikanda kapena waya wamkuwa. Lero mdzukulu akaipeza m'katundu wa malemu amati "kabotolo ka fodya". Panali chitundu, kadengu kolukidwa kokhala ndi chivundikiro. Panali nsupa, imene yanamiziridwa kwambiri. Masiku ano munthu akamva nsupa amaganiza za ufiti nthawi yomweyo, ndipo nsupa zambiri zatenthedwa pa chifukwa chimenechi. Komatu nsupa ndi kachipanda kosungiramo mafuta kapena mankhwala, ndipo amayi ankaikamo mafuta a nsatsi odzola. Omasulira Buku Lopatulika sadachite nalo manyazi liwuli, adaligwiritsa ntchito potchula chotengera cha mafuta onunkhira amene mkazi uja adadzoza nawo Yesu. Tanthauzo limodzi loipa lameza matanthauzo ena onse, ndipo pamodzi ndi liwulo tikutaya ntchito yamanja ya agogo athu aakazi.

Ndibwerere ku wotchi, pakuti ndiyo ili ndi mawu ambiri. Wotchi ndi yanga, mawotchi ndi anga. Mitundu yake timaitchula ndi malo amene imakhala: yapamkono, yapakhoma, yapatebulo, yam'thumba. Yam'thumba ija, ya tcheni, monga Zobo imene inkadziwika kwambiri kumigodi ya kum'mwera, ndi imene aphunzitsi ndi akapitawo ankasolola mwaulemu pamaso pa anthu. Alipo achikulire amene wotchi yaikulu yapakhoma amaitcha koloko, ndipo sindiwatsutsa, koma pakamwa pa ambiri koloko adapeza ntchito ina, yowerengera nthawi. N'chifukwa chake chipilala cha ku Mangochi chimene chidamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tikachifotokoza m'Chichewa timati nsanja ya wotchi. Timitengo toloza manambala pa wotchi ndi mivi, muvi waufupi wa maola ndi muvi wautali wa mphindi, monga tidaphunzirira ku pulayimale. "Manja a wotchi" ndi Chingerezi chovala chitenje, ndipo wotchi ilibenso "nkhope".

Wotchi imayenda. Ikapitirira nthawi yeniyeni timati ikuthamanga, ikatsalira timati ikuchedwa. Ikaleka kuyenda timati yaima, ndipo pokhapokha mmisiri atalephera ndi pamene timati yafa. Kusiyana kwa kuima ndi kufa kwapha mawotchi ambiri abwinobwino. Kuyambira pamene kampani ya Seiko idatulutsa wotchi yapamkono ya batire ya mtundu wa quartz mu 1969, dziko lonse lidasamukira ku mawotchi amene safuna dzanja la munthu, ndipo mbadwo wa lero nthawi umaonera pa foni. Mwana wotere akapeza wotchi ya agogo ili chete, amaitembenuza kufuna poika batire, akapasowa amati yafa. Komatu mawotchi akalewo amayendera sipuling'i imene imafuna kupukusidwa, kapena kuwayinda monga ambiri amanenera. Ya belu yapatebulo, monga Big Ben ya kampani ya Westclox, imafuna kupukusa tsiku lililonse, pamene zambiri zapakhoma zimayenda masiku 8, ndipo eni ake ankazipukusa ndi kiyi kamodzi pa sabata. Ya chitsulo cholendewera chimene chimapita uku ndi uku imaimanso ikangopendekeka pakhoma. Wotchi yotere yaima chabe. Imafuna kiyi wake, kutsukidwa, timafuta pang'ono ndi khoma lowongoka.

Powerenga nthawi, koloko amatanthauza ola lathunthu, muvi wautali uli pa 12. Timati 8 koloko, ndipo pofuna kutsindika timati 8 koloko ndendende. Choncho "8:30 koloko", imene ikuoneka pa makalata oitanira ku ukwati ndi kuchinkhoswe, ikudzitsutsa yokha. Lembani 8:30 m'mawa, basi. Polankhula tingati mphindi 30 zapitirira pa 8 koloko, kapena kwatsala mphindi 10 kuti ikwane 9 koloko. Musasokonezenso koloko ndi ola: 3 koloko ndi malo pa wotchi, maola 3 ndi kutalika kwa ulendo. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka amawerenga maola 24 mosadukiza, 2 koloko masana kwa iwo ndi 14, ndipo ndi chizolowezi cha dziko lawo chimene chimamveka bwino kwawoko. Kuno timathandizidwa ndi mawu a zigawo za tsiku, ndipo ndi ochuluka kuposa zilembo za Chingerezi za a.m. ndi p.m.: m'bandakucha, m'mamawa, m'mawa, masana dzuwa lili paliwombo, chakumadzulo, madzulo, chisisira, usiku, pakati pa usiku. Chidziwitso cha maliro chikati thupi linyamuka 4 koloko m'bandakucha, palibe amene angafike madzulo.

Munthu wokonda zinthu zoterezi, amene amazifunafuna n'kuziika pamodzi, ndi wosonkhanitsa. Si wotolera, pakuti timatolera msonkho, zopereka ndi ngongole, ndipo si wotola, pakuti timatola chimene chagwa kapena chatayika. Kuunjika ndi kuika pamulu mopanda dongosolo, kumene kudabala dzina la kaunjika. Wosonkhanitsa amasankha, amadziwa chilichonse kumene chidachokera, ndipo amasamala.

Malo amene mawu onsewa amayesedwa kwenikweni ndi pakhomo pamene pagwa maliro. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye lidabwera kudzateteza amayi amasiye ndi ana kwa achibale olanda katundu, ndipo milandu imene imamveka ndi ya nyumba, malo, galimoto ndi ndalama za kubanki. Wotchi, chitini cha masamba, nthekwe ndi kabokosi ka makalata palibe amazilimbirana. Pogawa zovala, wina amangoti, "Atsibweni, nanga zakuthazi titani nazo?" ndipo liwu limodzi limenelo latha mlandu, zapita kudzala kapena kwa ogula zitsulo. Akadati "zakalezi" mwina wina akadaima n'kuziyang'ana. Akadati "cholowa cha agogo" sipakadapezeka wolimba mtima kuzitaya. M'kabokosi kotere ndi mmene mumapezeka chitupa cha msonkho, chiphaso cha ku Wenela, khadi la chipani, kalata ya ubatizo, zinthu zimene zingauze mdzukulu chaka chimene agogo ake adabadwa ndi mgodi umene adagwirako ntchito. Amene mwasunga zotere, lembani kapepala m'Chichewa, muikemo: ichi ndi chiyani, chinali cha yani, adachipeza kuti, chaka chanji.

Ntchito yosunga mawu idayamba kale. Johannes Rebmann adalemba mawu a chinenero chathu kuchokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kuno kuchigawo chapakati amene adagwidwa ukapolo, ndipo buku lake lidasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott adatulutsa lake la Chimang'anja mu 1892. Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idalowa m'malo mwake mu 1996, idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Onsewa adachita zazikulu, koma mawu a amisiri a m'tauni akadali pakamwa pokha. Okonza mawotchi amene amakhala pa timatebulo tagalasi m'makonde a masitolo a ku Old Town ali ndi maina a kachitsulo kalikonse ka m'kati mwa wotchi, ena obwereka n'kuwapinda mwa Chichewa, ena opeka okha. Osema pa positi ofesi ali ndi mawu a mitundu ya matabwa, ya zipangizo ndi ya kasemedwe. Ambiri mwa okonza mawotchi a sipuling'i ndi achikulire, ndipo achinyamata amene akadawalowa m'malo apita kukakonza mafoni. Ndikupempha a Centre for Language Studies ndi ophunzira Chichewa m'sukulu zathu za ukachenjede kuti atenge kope ndi cholembera, akakhale nawo pakhondepo, awafunse dzina la chilichonse chimene chili patebulo pawo.